Zimitsani Tochi, Nkhasi Ikutuluka M'madzi

Ambiri a ife tinakula tikudziwa kamba wa kutchire, uja wa m'nthano za agogo amene ankapusitsa kalulu. Amene anakulira kunyanja kapena m'mphepete mwa Shire amadziwanso nkhasi, imene imaothera dzuwa pamwala n'kudziponya m'madzi ikangomva mgugu wa munthu. Koma nkhasi za m'nyanja yamchere n'zosiyana kwambiri ndi zimenezi. Mtundu waukulu mwa yonse umatalika mamita pafupifupi 2, ndipo ina imene inapezeka itafa pagombe la Harlech ku Wales mu 1988 inalemera makilogalamu 916, kuposa matumba 18 a chimanga. Zilibe miyendo yoyendera koma zipsepse zopalasira madzi. Yaimuna ikalowa m'nyanja ili kamwana, kawirikawiri sipondanso mtunda mpaka kufa. Yaikazi ndi imene imatuluka, usiku wowerengeka chabe pa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, kudzakumba mumchenga ndi kuikira mazira.

Usiku wowerengekawo ndi umene tsopano wasanduka malonda. Mabanja athu akuyenda masiku ano. Ena amapita kukaona ana ku Durban pa tchuthi cha Disembala, ena kukaoda katundu ku Dar es Salaam, ndipo ukangofika kugombe umapeza zikwangwani zokuitanira kukaona nkhasi zikuikira mazira, kapena kukagwira tiana take pamalo oswetsera. Ife tikuti pitani ngati mpata ndi ndalama zilipo, pakuti n'chimodzi mwa zinthu zokongola zimene maso athu anaonapo mwa zolengedwa za tsiku lachisanu. Koma kapitidwe kake n'kofunika kukaganizira musananyamuke. Mlendo wokonda zachilengedwe, wa mtima wabwino ndithu, angathe kuwononga mazira 100 ndi tochi ya pafoni yokha, ndipo ndalama zimene wapereka pakhomo poganiza kuti akuthandiza zingathe kukhala zimene zikulimbikitsa kuzunza nyamazi.

Gombe la ku Maputaland

Padziko lonse pali mitundu 7 ya nkhasi za m'nyanja yamchere, ndipo 5 mwa iyo imapezeka m'madzi a kum'mawa kwa Africa. Ku South Africa mitundu iwiri ndi imene imaikira mazira chaka ndi chaka, kumpoto kwenikweni kwa KwaZulu-Natal, kufupi ndi malire a Mozambique. Mtundu wina umatchedwa loggerhead chifukwa cha chimutu chake, ndipo umalemera ngati matumba awiri a chimanga kapena kuposerapo. Wina ndi leatherback, chimphona chija, chimene kumsana kwake kulibe chigoba cholimba koma chikopa chakuda chokhala ndi mizere yotukuka. Azulu amangoti ufudu lwasolwandle, kamba wa m'nyanja. Gombe limeneli lili m'malo otetezedwa a iSimangaliso Wetland Park, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1999. Nkhasi zimayamba kutuluka cha mu Novembala mpaka Januwale kapena Febuluwale, ndipo tiana timaswa kuyambira Januwale mpaka Malichi.

Ife tinafika kumeneko mu Disembala, tili pa ulendo wokacheza kwa abale m'chigawocho. Kuchokera ku Durban ndi ulendo wa tsiku, kudzera ku Hluhluwe mpaka tauni ya Manguzi, kenako msewu wa mchenga wokhawokha wofuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, mpaka ku Bhanga Nek. Pamenepo mtunda ndi wopyapyala: mbali ina kuli nyanja za madzi odekha za Kosi Bay, kumene anthu a mtundu wa Thonga amatchera nsomba m'mipanda ya mitengo monga ankachitira makolo awo, ndipo mbali inayo, kuseri kwa zitunda za mchenga zomera nkhalango, kuli Indian Ocean ikuwomba mafunde osalekeza. Ku Bhanga Nek anthu amakaona nkhasi poyenda pansi, motsogozedwa ndi anthu a m'midzi yomweyo amene anaphunzitsidwa ntchitoyi ndipo ali ndi chilolezo. Kumalo ena, monga ku Sodwana Bay, kuli magalimoto owerengeka ololedwa kuyenda pagombe usiku. Ife tinakonda za pansizi, chifukwa ndalama zake zimatsala m'mudzi, komanso thupi limapindula.

Kudikira mumdima

Tinanyamuka dzuwa litalowa. Wotilondolera, bambo wa m'dera lomwelo, asanatiuze china chilichonse anayamba ndi malamulo: matochi onse azimitsidwe, mafoni alowe m'thumba, osasuta, osafuula, ndipo aliyense aziyenda pambuyo pake, kufupi ndi madzi kumene mchenga ndi wolimba. Iye yekha ndi amene anali ndi katochi kofiira, ndipo nakonso ankayatsa mwa apo ndi apo. Poyamba munthu umaona ngati ugwa, koma pakapita mphindi zingapo maso amazolowera, thovu la mafunde limayamba kuoneka mbee, ndipo nyenyezi zimachuluka ngati za kumudzi kopanda magetsi.

Tinayenda nthawi yaitali osaona kanthu. Ana anayamba kufunsa ngati nkhasizo zilikodi, ndipo akulu ena miyendo inali itayamba kudandaula, pakuti kuyenda mumchenga si kuyenda mumsewu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pagombe paja mwambiwu umagwira ntchito ndendende. Palibe wolondolera woona mtima amene angakulonjezeni kuti muiona nkhasi usiku umenewo. Amene akulonjeza, mukayikireni.

Choyamba chimene tinaona ndi mapazi. Anali ngati mzere wa tayala la thirakitala yaing'ono, kuchokera m'madzi kukwera kumtunda, kenako kukhota n'kubwereranso m'madzi, popanda dzenje lililonse. Wotilondolera anati nkhasi imeneyo inatuluka koma inabwerera osaikira. Nthawi zina imatero chifukwa mchenga wauma kwambiri moti dzenje likungogumuka, kapena yapeza mizu. Koma nthawi zambiri pamene pali anthu, imatero chifukwa yaona kuwala kapena chithunzithunzi cha munthu akuyenda patsogolo pake. Pamene ikutuluka m'madzi ndi pamene ikukumba, nkhasi imakhala yamantha koopsa. Ikabwerera imayesanso usiku womwewo kapena wotsatira, itataya mphamvu zambiri, ndipo ikasokonezedwa mobwerezabwereza ingathe kukaikira pamalo oipa, kapena kutayira mazira m'madzi, kumene sangaswe.

Choncho titapeza mzere wina wokwera wopanda wobwerera, bamboyo anatikhazika pansi chapatali, napita yekha chokwawa kukasuzumira. Tinadikira mwina theka la ola, tikungomva mchenga ukuwazidwa kuti wayo, wayo, ndi kupuma kwamphamvu ngati kwa munthu amene wasenza mtolo wolemera pokwera phiri. Atabwera ananong'ona kuti, “Tsopano yayamba. Bwerani kumbuyo kwake, wina asapite kumutu.”

Inali loggerhead. Inali itayamba yakumba chidikha chachikulu ndi zipsepse zakutsogolo n'kugonamo, kenako ndi zipsepse zakumbuyo inakumba dzenje lenileni la mazira, lozama pafupifupi theka la mita, lopapatiza kukamwa koma lotakasuka pansi ngati mtsuko. Zipsepse zakumbuyozo zimagwira ntchito ngati manja: china chimalowa, chimatapa mchenga, chimautulutsa mosamala n'kuutaya pambali, kenako chinzake, mosinthanasinthana, nyamayo osaona n'komwe chimene ikukumba. Mazira ankagwa awiriawiri kapena atatuatatu, oyera, obulungira, ochepera pang'ono dzira la nkhuku, onyowa ndi madzi otelera. Sasweka pogwa chifukwa chikhungwa chake n'chofewa ngati chikopa. Dzenje limodzi mumalowa mazira 100 kapena kupitirira pang'ono. Ikangoyamba kuikira, nkhasi imakhala ngati yaiwala za dziko, ndipo ndi nthawi yokhayi imene olondolera amalola anthu kuyandikira ndi kuunika kumbuyo kwake ndi katochi kofiira kaja.

Mmodzi mwa amayi amene tinali nawo ataona madzi akutsika m'maso mwa nkhasiyo anagwidwa chisoni, nati ikulira ndi ululu wa kubereka. Amayi onse anavomereza ndi kubuula kwa anthu odziwa. Zoona zake n'zakuti pafupi ndi maso ake pali tizigawo totulutsa mchere wochuluka umene imamwa ndi madzi a m'nyanja, ndipo misoziyo imatuluka nthawi zonse, kungoti m'madzi siioneka. Pamtunda imathandizanso kutsuka mchenga m'maso. Amayiwo anamva, koma sitikukhulupirira kuti anasintha maganizo.

Itatha kuikira inakwirira dzenjelo, kutsendera ndi zipsepse zakumbuyo, kenako n'kuyamba kumwaza mchenga uku ndi uku ndi zakutsogolo mpaka malo onse anasokonezeka, moti ngakhale ife amene tinaona ndi maso sitikanatha kuloza pamene panali mazira. Ndiye inatembenuka, n'kutsetsereka pang'onopang'ono, kuima n'kupuma, mpaka funde linainyamula. Ntchito yonse imatenga ola limodzi kapena awiri. Sifungatira mazira ngati nkhuku, ndipo ana ake sidzawaona. Pakatha milungu iwiri imabweranso kudzaikira dzenje lina, mwina katatu kapena kanayi m'nyengo imodzi, kenako imapita kutali kukadya ndi kubwezeretsa thupi.

Zimene zimachitika pansi pa mchenga

Mchenga wotenthedwa ndi dzuwa ndi umene umafungatira mazirawo kwa miyezi pafupifupi iwiri. Ndipo kutentha komweko ndi kumene kumagamula ngati kamwana kakhale kakamuna kapena kakakazi. Mchenga ukakhala pa madigiri 29, zazimuna ndi zazikazi zimabadwa pafupifupi mofanana. Ukatentha kuposa apo zimachuluka zazikazi, ukazizira zimachuluka zazimuna. N'chifukwa chake kutentha kwa dziko kukudetsa nkhawa akatswiri a nyamazi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2018 anapeza kuti mwa nkhasi zazing'ono zobadwira kumpoto kwa Great Barrier Reef ku Australia, zoposa 99 pa 100 zilizonse zinali zazikazi. Musaiwale mfundo ya kutenthayi, chifukwa ikhudza kwambiri nkhani ya malo oswetsera.

Tiana tikaswa sitituluka tsiku lomwelo. Timakumba pamodzi kwa masiku angapo, apamwamba akugumula mchenga, apansi akuupondereza, gulu lonse n'kumakwera pang'onopang'ono. Tikafika kufupi ndi pamwamba n'kumva kuti mchenga ukutentha, timaima n'kudikira kuti kuzizire, ndiye nthawi zambiri timatuluka usiku. Kalikonse kamakwana pachikhatho cha mwana. Palibe amene amatiuza kumene kuli nyanja. Timangothamangira kumene kukuwala kwambiri cham'munsi, ndipo pagombe lopanda magetsi kumeneko ndi kunyanja, kumene madzi amanyezimira ndi nyenyezi, pamene kumtunda kuli mdima wa zitunda ndi mitengo. Apa ndi pamene tochi imapha. Getsi la pakhonde la malo ogona alendo, moto wa anthu ochezera pagombe, fulashi ya kamera, zonsezi zimatitembenuza n'kutilondoletsa kumtunda, kumene timafa ndi kutopa, nkhanu, agalu kapena dzuwa la m'mawa.

Ngakhale popanda munthu adani ndi ambiri. Chiuli ndi nkhandwe zimafukula mazira, nkhanu za pagombe zimadikira panjira, m'madzi muli nsomba, kumwamba kuli mbalame. Akatswiri amayerekeza kuti mwa tiana 1,000, kamodzi kokha ndi kamene kamafika pa msinkhu wobereka. Ndipo msinkhuwo sufika msanga. Ntchito yowerenga ndi kuteteza nkhasi pagombe la Maputaland inayamba mu 1963, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za mtunduwu padziko lonse. George Hughes, amene anaitsogolera kwa zaka zambiri, pamodzi ndi anzake ankadula kachizindikiro m'mphepete mwa chigoba cha tiana tambirimbiri, chaka chilichonse pamalo ake, kuti tikadzabwera kudzaikira adzadziwe zaka zake. Anapeza kuti loggerhead za kumeneko zimayamba kuikira zili ndi zaka pafupifupi 36. Ndiye kuti imene tinaiona ija mwina inali ya msinkhu wathu womwewu, ndipo inabwerera kudera limene inabadwira, italondola njira pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Chiyambireni chitetezochi loggerhead zawonjezeka kangapo. Leatherback zikadali zochepa: zazikazi zoikira pagombelo sizikwana 100 pa chaka.

Malo oswetsera mazira: ena n'chipatala, ena ndi msika

Ku Maputaland mazira amasiyidwa pamene mayi wawo wawaika, anthu n'kumangolondera. Koma m'maiko ambiri, monga Sri Lanka, Indonesia, Malaysia ndi Mexico, komanso m'malo ena a kugombe la Tanzania ndi Kenya, mazira amafukulidwa n'kukakwiriridwa m'malo otchingidwa ndi mpanda mpaka ataswa. Chifukwa chake n'chomveka. Pali magombe amene dzenje lililonse losiyidwa limabedwa kusanache, pali ena amene agalu ndi ng'azi zimafukula, ndipo nkhasi ina imaikira m'munsi kwambiri moti madzi akadzaza, pakuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, mazira onse amamira. Pamalo otere kusamutsa mazira n'kupulumutsa.

Koma kusamutsa n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Pakangopita maola ochepa dzira litaikiridwa, kamwana kamamatirira kuchikhungwa cha m'kati, ndipo dziralo likatembenuzidwa kapena kugwedezeka kamafa. Choncho liyenera kusamutsidwa msanga, osalitembenuza, n'kukwiriridwa m'dzenje lozama ndi lotakasuka ngati la mayi wake. Dzenje likakhala losaya kapena pamtetete, mchenga umatentha kwambiri, zonse n'kubadwa zazikazi kapena kufera m'mazira. Likakhala pamthunzi wambiri zimachuluka zazimuna. Mchenga womwewo ukagwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka umadzala nkhungu ndi tizilombo. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati malo oswetsera akhale njira yomaliza, pamene njira yolondera dzenje pamalo ake yakanika.

Bungwe la Sea Sense ku Tanzania, limene linayamba ntchito yake pachilumba cha Mafia mu 2001, limatsatira nzeru imeneyi. Limaphunzitsa anthu a m'midzi ya kugombe kuyendera magombe m'mamawa, kulemba maenje, ndi kusamutsa okhawo amene ali pangozi. Pachilumba cha Juani, pafupi ndi Mafia, alendo amapita kukaona tiana tikutuluka mumchenga n'kuthamangira tokha kunyanja, ndipo gawo la ndalama zimene amalipira limapita kumudzi. Munthu amene kale ankaona chakudya m'dzenje la nkhasi, tsopano amaonamo phindu la mudzi wonse ngati mazirawo aswa.

Palinso mtundu wina wa malo, ndipo tinauona ndi maso pa ulendo wina kugombe la kum'mawa kwa Africa. Sititchula dzina. Pakhomo panalembedwa mawu okoma a kuteteza zachilengedwe. M'kati munali matanki a simenti ndi mabeseni, muli tiana tambiri tikupalasa mozungulira n'kumagunda khoma, tina titalumana zipsepse mpaka mabala oyera. Mlendo aliyense ankapatsidwa kamodzi kuti ajambulitse, ndipo wowonjezera ndalama ankaloledwa kukakaponya m'nyanja masana dzuwa lili pamutu. Titafunsa kuti tianato tinaswa liti, mnyamata wa pamenepo anayankha monyadira kuti patha masiku asanu, ndipo akutisunga kuti tikule kaye tisadyedwe.

Yankho limeneli limamveka lachifundo, koma taganizirani mmene kamwanaka kanalengedwera. Kamaswa kali ndi chikasu cha dzira chotsalira m'mimba, ndiye kamba wake wa paulendo. Kakangolowa m'madzi kamasambira mosapuma usana ndi usiku wathunthu kapena kuposerapo, osaima kuti kadye, mpaka katadutsa madzi osaya odzala ndi adani n'kufika kunyanja yakuya. Mphamvu imeneyo imabwera kamodzi. Kakaithera pozungulira m'beseni, tsiku lokatayidwa m'nyanja kamakhala kofooka, ndipo kamangoyandama pafupi ndi gombe pamene nsomba zikudikira. Kukaponya m'madzi ndi manja kumakalanda ulendo wake wa pamchenga, umene umadzutsa thupi lake. Kutitulutsa masana n'kuitanira mbalame, ndipo kutitulutsira malo amodzimodzi ola lomwelomwelo tsiku ndi tsiku n'kuphunzitsa nsomba nthawi ya chakudya. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, nanji wa nkhasi amene kwawo ndi nyanja yonse.

Ku Sri Lanka, m'dera la Kosgoda ndi magombe oyandikana nalo kumene malo otere ndi ambiri, ofufuza akhala akudandaula za zinthu ziwiri: kusunga tiana m'matanki kuti alendo atione, ndi kugula mazira kwa anthu ofukula. Eni malo amati akapanda kugula, mazirawo akathera kumsika n'kudyedwa, ndipo pali choona pamenepo. Koma kugula kumachititsanso kuti dzenje lililonse, ngakhale limene linali pabwino, lifukulidwe chifukwa lili ndi mtengo, ndipo mazira amafika atagwedezeka m'thumba kwa maola ambiri.

Ndiye musanalipire pakhomo, funsani. Mazira amawapeza bwanji, ndipo amasamutsa onse kapena okhawo ali pangozi? Tiana tikaswa timakhala nthawi yaitali bwanji tisanapite kunyanja? Yankho labwino ndi lakuti usiku womwewo. Amatitulutsa nthawi yanji, ndipo amatilola kuyenda tokha pamchenga? Ali ndi kaundula wa mazira amene anakwirira ndi amene anaswa? Malo abwino amakondwa ndi mafunso otere ndipo amatulutsa mabuku awo. Ngati muona nkhasi zazikulu m'dziwe, funsani chifukwa chake zili mmenemo. Imene inakodwa mu ukonde n'kuduka chipsepse, kapena inameza mbedza, ili m'chipatala ndipo ili ndi tsiku lotuluka. Koma yathanzi imene yakhala zaka m'dziwe kuti alendo azisambira nayo n'kumaidyetsa pamanja, ife sitikuona kusiyana kwake ndi nyani womangidwa chingwe pamsika.

Kamba amanyera womtola

Mwambi uwu ndi wachipongwe pang'ono, koma ife a zaumoyo timaukonda chifukwa ndi woona ngakhale osautanthauzira. Akamba, nkhasi, abuluzi ndi njoka zimanyamula tizilombo ta salmonella m'matumbo ndi pakhungu, izo osadwala. Mwana akagwira kankhasi kapena madzi a m'thanki n'kuika chala m'kamwa, angathe kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, muli pakati pa ulendo kutali ndi kwanu. Ku America boma linaletsa kugulitsa akamba ang'onoang'ono osakwana masentimita 10 mu 1975 chifukwa cha matenda omwewa mwa ana. Ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, okalamba ndi onse amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika asagwire n'komwe. Amene wagwira asambe m'manja ndi sopo asanadye kanthu. Kusagwira kumateteza mwana wanu ndi kankhasi komwe.

Choopsa kwambiri ndi nyama yake. M'midzi ina ya kugombe nyama ya nkhasi, imene Aswahili amaitcha kasa, imatengedwa ngati ndiwo yapamwamba ngakhale malamulo amaletsa, ndipo mlendo angathe kupatsidwa mwaulemu. Ife a Adventist yankho tili nalo kale, pakuti Levitiko 11 amaika zamoyo za m'madzi zopanda mamba ndi zipsepse za nsomba, pamodzi ndi zokwawa, m'gulu la zosadyedwa. Koma ndi bwino kudziwanso zimene achipatala amaona, kuti tithe kuchenjeza anzathu. Nyama ya nkhasi nthawi zina imakhala ndi poizoni amene akatswiri amamugwirizanitsa ndi ndere zimene nyamayo imadya. Saoneka, sanunkha, ndipo kuphika sikumuthetsa. Wodya amayamba kumva kuyabwa ndi kupweteka m'kamwa ndi pakhosi, kusanza, kupweteka m'mimba, kenako zilonda m'kamwa, kuwodzera ndi kukomoka. Mankhwala othetsa poizoniyu kulibe, achipatala amangothandiza thupi kulimbana naye. Amapha kwambiri ana, ndipo amadutsa mu mkaka wa m'mawere, moti khanda limene silinalawe nyamayo lingathe kufa. Pachilumba cha Pemba ku Zanzibar anthu 7 anamwalira mu Novembala 2021 atadya nyama imeneyi. Mu Malichi 2024 pachilumba chomwecho anamwalira ana 8 ndi mayi mmodzi, ndipo anthu 78 anagonekedwa m'chipatala.

Mazira ake nawo amagulitsidwa mobisa ndi bodza lakuti amawonjezera mphamvu za abambo. Akaneni. Chimodzimodzi zibangili, ndolo ndi zipeso za mawanga a bulauni ndi achikasu zopangidwa ndi chigoba cha mtundu wotchedwa hawksbill. Pangano la maiko la CITES, limene Malawi anasainira nawo, limaletsa kudutsa nazo malire, ndipo zingakuikeni m'mavuto pachipata. Za majumbo tingonena mwachidule: leatherback imadya tizamoyo toterera toyandama totchedwa jellyfish, ndipo jumbo loyandama m'madzi limaoneka chimodzimodzi. Madzi a Mudi amakathera mu Shire, a Shire mu Zambezi, a Zambezi m'nyanja yomweyi.

Pokonzekera ulendo

Maulendo okaona nkhasi ndi olipira ndipo amachitika usiku, choncho konzani masiku anu kuti usiku wake usagwere Lachisanu dzuwa litalowa. Ife tinapita usiku wa Lolemba. Pa Sabata masana tinangoyenda pagombe ndi ana, kuwerenga mapazi a nkhasi za usiku wathawo ndi kuphunzira kuwasiyanitsa: a loggerhead ndi osinthanasinthana ngati a munthu wokwawa, a leatherback ndi otambalala pafupifupi mamita 2, mbali zonse zofanana. Atsogoleri a Pathfinder ali ndi phunziro lathunthu pamenepo lopanda kulipira kanthu. Chenjezani ana asakumbe mumchenga wouma wa kumtunda kapena kuzika mitengo, ndipo maenje amene akumba posewera awakwirire pochoka, chifukwa kankhasi kakagweramo sikatuluka.

Valani zovala zakuda zamanja aatali, tengani madzi akumwa ndi juzi yopepuka, pakuti mphepo ya kunyanja imazizira usiku ngakhale m'chilimwe. Amene ali ndi vuto la mtima, mawondo kapena shuga auze wolondolera asananyamuke, chifukwa mungathe kuyenda makilomita angapo mumchenga ndi kubwerako pakati pa usiku. Ana aang'ono kwambiri amatopa n'kuyamba kulira, ndipo ndi bwino kuwasiya ndi wina. Kumpoto kwa KwaZulu-Natal ndi kugombe la Tanzania kuli malungo. Ife ochokera kumudzi timawadziwa, koma adzukulu obadwira ku Johannesburg kapena ku Britain matupi awo sanakumanepo nawo, choncho makolo afunse kuchipatala za mankhwala oteteza asananyamuke, ndipo onse agone m'masikito.

Abale athu okhala ku Cape Town nawo ali ndi gawo lawo, ngakhale kumeneko nkhasi siziikira. Tiana toswa ku Maputaland timatengedwa ndi madzi othamanga otentha a Agulhas kulowera kum'mwera, ndipo kuyambira cha mu Malichi mphepo yamkuntho imatitayira pamagombe a Western Cape, titazizidwa, titafooka, tambiri titameza tizidutswa ta pulasitiki. Mukakapeza kotere musakabwezere m'madzi, chifukwa kalibe mphamvu yosambira ndipo kamira. Kaikeni m'kabokosi kouma kokhala ndi mabowo a mpweya, pansi mutayala kathaulo, osathiramo madzi ndi osakapatsa chakudya. Kasungeni pamthunzi posazizira, lembani dzina la gombe limene mwakapeza, ndipo imbani foni ku Two Oceans Aquarium, amene amatisamalira kwa miyezi ingapo n'kukatibwezera kumadzi otentha tikachira. Mukatero sambani m'manja ndi sopo.